Mchere Umene Ndinathirira Nsomba za Mkamwini

Ndiyambe ndanena kuti nsomba zonse zili moyo. Chinafa ndi china, ndipo pepala la malangizo ndikadali nalo ngati wina akufuna kutsutsa.

Mwana wanga Tiyanjane anakwatiwa ndi Chanda, Mbemba wa ku Luapula, mnyamata waulemu mpaka kutopetsa. Kunyumba kwawo ku Woodlands kuli thanki yagalasi ya madzi amchere. Muli tinsomba tofiirira ta mizere yoyera, ndi makorali, zamoyo zooneka ngati miyala koma zotambasuka ngati maluwa. (Munthu wobadwira m'dziko lopanda nyanja yamchere kusunga nyanja pabalaza! Sindinayankhulepo.)

Mu Okutobala onse awiri anapita ku Mansa, mayi ake a Chanda atadwala, ndipo ine ndi mkazi wanga tinachoka kwathu ku Kabwata kukalonda nyumba yawo. Chanda anandisiyira pepala lonena kuti: "Madzi akatsika, onjezerani." Basi. Pakhonde panali zigubu ziwiri, china cha madzi osefa opanda kanthu, china cha amchere.

Kunatentha, madzi n'kumatsika tsiku ndi tsiku. Ndinaganiza monga munthu amene anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma: nsomba za m'madzi amchere, uziwonjezera madzi amchere. Chigubu chitatha, ndinapeza ndowa ya mchere wake n'kusakaniza ena, kuyeza ndendende monga analembera pandowapo.

Chanda ataimba foni ndinamuuza monyadira.

"Apongozi, musadandaule. Amchere aja anatha, ndapanga ena."



"Mwabombeni, batata," anatero, kundithokoza ngati bambo ake m'chinenero chawo. "Koma... ba mayo bali pafupi?" Ankafunsa ngati mkazi wanga ali pafupi.

Tsono taonani mmene uthenga umayendera kwa anthu aulemu. Mkamwini sangauze apongozi ake kuti alakwa. Anauza mkazi wake. Tiyanjane, poopa kuti ndikwiya, anauza mayi ake. Mayi akewo anandipeza ndikutakasa ndowa.

"Akuti musamadzivutitse ndi mchere, mupumuleko."

"Auzeni kuti sindinakalambe choncho," ndinayankha, n'kuthira.

Patapita masiku, makorali anadzipinda. Lina lalikulu lobiriwira, limene Chanda analilera kuchokera pa kachidutswa ngati chala, linayamba kuyera m'mphepete. Tinsomba tinaleka kudya. Ndinajambula chithunzi n'kutumiza, ndi mawu akuti mwina zikusowa mwini wake.

M'mawa mwake Chanda anali pakhomo, atatsika basi pa siteshoni ya Intercity, fumbi lili mbuu. Kodi anathamangira kuthanki? Ayi. Anagwada, kuwomba m'manja, kufunsa za bondo langa, za ku tchalitchi, maso akuba kuyang'ana kumbuyo kwanga. Kenako anadontheza madzi pa kachipangizo koyezera mchere, n'kusuzumira.

"Bwanji?" ndinafunsa.

"Mchere wakwelako pang'ono chabe, batata."

Foni yake inalira, ndipo Tiyanjane anapempha kuti andipatse. Ulemu unali utamuthera.

"Atate, mchere suuma! Amauma ndi madzi okha, mchere umatsala momwemo. Imwe mwakhala muwonjezela mchere pamwamba pa mchere!"

"Nanga pepala bwanji silinanene?"

"Munthu aliyense adziwa!"

"Ine si munthu aliyense, ndine bambo ako."

Mkazi wanga, amene waphika ndiwo zaka zonsezi, anati iye akanadziwa, popeza msuzi ukaphwa pamoto sathiramo mchere wina. (Akanadziwa, koma anakhala pampando masiku onsewo akundiyang'ana.)

Chanda anatha sabata akuthira madzi osefa pang'onopang'ono, akuti ukatsitsa mchere mothamanga umapha zonse. Tinsomba tinayambanso kudya, makorali ang'onoang'ono anatambasuka. Lalikulu lija ayi. Linayera lonse ngati fupa, ndipo ndinamuona akulitulutsa ndi manja awiri. Pamenepo, ndivomere, tiyi anandikanika kumwa.

Tsiku lobwerera ku Kabwata ndinakonzeka kunena mawu opepesa. Ndinali nditawayeserera kubafa. Koma ndisanatsegule pakamwa, Chanda anagwadanso.

"Batata, munikhululukile. Sin'nalembe bwino."

Mkazi wanga anandiponda phazi. Ndinayang'ana mnyamatayo ali pansi, ndinayang'ana malo opanda kanthu m'thanki muja.

Ndinamukhululukira.