Nkhosa Yotchedwa Hamel

Lolemba, 13 Okutobala
Abwana apita ku Durban, andisiyira nkhosa zazikazi 12. Akuti zikatenga bere ndisiya za m'galadeni, ndikhala woyang'anira ziweto. Ino si nyengo yoti nkhosa zifune yamphongo, ndiye tikuzifulumiza ndi mankhwala. Timasiponji tamankhwala tidaziika kunjira yoberekera pa 29 Seputembala. Lero masiku 14 akwana. Ndakoka tizingwe take, timasiponji 12 tatuluka. Jekeseni 12. Kupondedwa phazi: katatu.

Lachiwiri, 14
Yamphongo tikubwereka kwa Mbunu wa puloti ina, njira ya ku Cosmo City. Mwiniwake kulibe, ndapeza akazi awo. Ndaloza yonenepa kuposa zonse. Akuti, "Iyo ndi Hamel." Ndati dzina labwino, madamu. Afunsa kawiri ngati ndikufunadi imeneyo. Ndati yebo.

Lachitatu, 15
Maola 48 akwana 8 koloko. Ndapaka Hamel utoto wofiira pachifuwa monga adanenera abwana, kuti iliyonse yokweredwa ioneke kumsana. Ndatsegula geti. Zonse zamuthamangira, michira ikugwedera. Mankhwala ndi enieni! Ndawerenga masiku 150: ana abadwa pa 14 Malichi.
Madzulo, zofiira kumsana: 0. Hamel akudya.

Lachinayi, 16
Mwina ndi manyazi. Ndabisala kuseri kwa thanki maola awiri. Zazikazi zikumugundagunda, iye wagona pansi, akubzikula. Ndamupatsa chimanga, mchere ndi mawu olimbikitsa.
Zofiira: malaya anga okha.

Lachisanu, 17
Alamu anga a ku Cosmo abweretsa gondolosi wochokera kumudzi. Akuti sanakhumudwitsepo munthu. Hamel watafuna yense, wagona tulo.
Zomutsatirabe zatsala ziwiri. Mphamvu ya mankhwala ikutha!
Abwana aimba foni: zafiira zingati? Ndati netiweki ikuvuta.

Loweruka, 18
Ndaitana a Banda, mkulu uja adakulira m'mafamu a ku Zimbabwe. Sanafunse masiku, sanaone kope langa. Angowerama n'kupisa dzanja muubweya, pakati pa miyendo yakumbuyo. Aima, avula chipewa.
"Mwanawe, wakuuza ndani kuti ili ndi dzina? Hamel pa Chibunu ndi nkhosa yofula."
Aseka mpaka kutsamira waya. Ine ndidawerenga chilichonse, koma ziwiri zokhazo sindidawerenge.
Ndathamanga kukatenga yamphongo yeniyeni. Yafika 3 koloko, yanunkhiza zonse 12. Palibe yaima kuti ikweredwe.

Lamulungu, 19
Abwana abwera. Ndafotokoza mwaulemu, tsiku ndi tsiku, ola ndi ola. Kenaka afunsa ngati a Banda ali pantchito kwina. Sali.
Timasiponji tina tilowa mawa, oika ndi a Banda. Ine ndizigwira miyendo, ndikatero ndibwerere kukatchetcha kapinga. Ujatu amaphuka yekha, safuna jekeseni.