Nyanja Imene Ndinalonjeza Alamu Anga

Ndikanangotseka pakamwa tsiku lija, bwenzi alamu anga atabwerera ku Ulaya akundilemekezabe.

Alamu angawo, Ba Fredi, ndi achimwene a mkazi wanga Esnati, ndipo amagwira ntchito ya unamwino kunja. Atabwera kudzacheza kwathu ku Silverest mu Okutobala, anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi. Akuti kumeneko kuli katauni kumene nyengo yozizira anthu amamanga matabwa kumapazi n'kumatsetsereka pa chipale chofewa (musandifunse chifukwa chake). Chipalecho chikasungunuka, amakwera phiri maola anayi kukaona nyanja yobiriwira ili phee pakati pa mapiri. Esnati ankangoti "Mayo! Mayo!" pa chithunzi chilichonse. Ine kumtima kunayamba kuwawa.

"Ba mulamu, iyo ni ing'ono," ndinatero. "Kwathu ku Bundabunda kuli nyanja pamwamba pa phiri. Mungasambire mpaka kulema."

"Zoona? Nipelekeniko pa Loweruka."

Sindiname, nyanjayo ndinaionadi. Kungoti ndinaiona kamodzi, ndili ndi zaka khumi, ndikutsatira ng'ombe za amalume.

Loweruka tinakwera minibasi mpaka pa Chongwe, ina mpaka Bundabunda, n'kuyamba kuyenda dzuwa litalusa kale. Ba Fredi anali ndi nsapato zokwerera mapiri, chipewa ndi mabotolo atatu a madzi. Ine ndinavala nsapato zakutchalitchi, thaulo paphewa, sopo m'thumba. Esnati atandifunsa za madzi akumwa ndinamuseka. "Tiyenda ku madzi, ninyamulenso madzi?"

Ndinkakumbukira kuti pamtengo waukulu wa muula timakhotera kumanzere. Mtengowo panalibe (ndikuganiza anauwotcha makala ine ndisanakwatire), choncho ndinasankha chitsa chimene chinaoneka chodziwika. Tinakwera phiri ola lathunthu, pamwamba n'kupezapo miyala ndi mbuzi imodzi. Ndinati ndimafuna alamu aone kaye malo. Tinatsika n'kukwera lina.

Paphiri lachiwirili tinafika pamalo afulati, dothi lakuda long'ambikang'ambika. Tinadutsa, n'kulowa m'tchire, chitedze n'kundilandira m'khosi. Tinabwerera, n'kudutsanso, n'kulowa tchire la mbali ina. Apa n'kuti nditamaliza mabotolo awiri a Ba Fredi, ndipo kummawa ndi kumadzulo zinali zitasinthana malo m'mutu mwanga.

"Atate ake Chisomo, pano tapitapo kudala," anatero Esnati. "Ndowe iyi ni yamene ija."

"Ndowe zimalingana," ndinayankha, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

Chakumphepete kwa malowo kunali mayi wina akuumba njerwa, madzi akutunga m'kadzenje. Ankatiyang'ana nthawi yonseyi. Titatulukiranso anaika chikombole pansi.

"Ba tate, mufuna chani? Mwapita apa katatu."

"Tifuna nyanja, amayi."

"Nyanja? Ya ku Kariba?"

"Iyayi, ya pano paphiri, mwamene ng'ombe zikumwa."

Mayiyo anayang'ana thaulo langa, kenako nsapato, kenako nkhope ya Esnati ngati akumupepesa.

"Oo, damu? Mwaimamo."

Ndinayang'ana pansi. Pafupi ndi phazi langa panali chule wouma gwaa, miyendo m'mwamba.

"Imauma mu Ogasiti," anapitiriza. "Olo mu Febuluwale madzi afika chabe apa." Anagwira bondo lake.

"Sizingatheke, amayi. Ine ninafuna kumira muno!"

"Munali na zaka zingati?"

Esnati anakhala pansi padothi lotentha lija, chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Ba Fredi, munthu waulemu, sanaseke ngakhale pang'ono. Anangotulutsa foni mofatsa.

"Ba mulamu, nifuna nikaonetse anzanga ku ntchito. Sendelani pakati, paja pakuya."

Ndinasendera. Ndikanatani? Mpaka ndinamwetulira.

Potsika phiri nsapato zinali m'manja chifukwa cha matuza, ndipo mayi uja ndi amene anatilozera njira, yachidule kwambiri moti msewu unali pafupi ngati kuseri kwa nyumba. Mu minibasi Esnati anati phunziro n'losavuta: chimene unachiona mutu wako usanapitirire msana wa mbuzi, pita ukachionenso wekha usanaitane alendo.

Mwina akunena zoona. Koma ine mutu sunakhazikike. Ndikukumbukira bwinobwino madzi ambiri, mabango, ngakhale bwato. Kuseri kwa damu lija kuli phiri lachitatu limene sitinakwere, ndipo ndawauza Ba Fredi kuti chaka chamawa abwere ndi kabudula wosambira.