Bomba la Alamu Anga

Lolemba

Tsiku loyamba la ofisina yanga. Chisakasa chaima m'mphepete mwa msika wa Milange, udzu wake udakali kununkhira. Ntchito: kumata ndi kupopa matayala.

Makina opopera mpweya ndi a alamu anga a Zakariya. Ku Malawi amati kompulesa. Ife tinakula tikuti bomba, monga mmene Apwitikizi amatchulira chilichonse chopopera. Alamu analikulunga m'lona n'kulikwirira pansi pa nthochi tisanathawe nkhondo. Tabwerako ku msasa wa othawa nkhondo, talifukula. Injini yake ya petulo ikulira bwinobwino.

Mawu a alamu, ndikulemba monga anenera: "Likagwira ntchito pofika Lamulungu, likhale kwa inu. Likakanika, ndikagulitsa ku Mocuba."

Ndaliza injini. Muvi wa pa wotchi yake yoyezera mpweya wakwera. Ndazimitsa. Tsss. Muvi ukutsika pang'onopang'ono ngati nkhalamba pa chitunda. Mpweya ukuthawira penapake.

Lachiwiri

Ndatenga sopo wa akazi anga, mayi a Lusiya, osapempha. Madzi a sopo pa paipi yonse. Thovu likufufuma pa kachitsulo kolumikiza paipi ku thanki. Mazinga ake anadyeka ndi dzimbiri.

Zimene ndayesa:
kulimbitsa ndi sipanala (tsss)
ulusi wa khonje pa mazinga (tsss)
phula la njuchi (tsss, ndipo njuchi zabwera kudzalonda phula lawo)
malegeni (tsiii, mawu okha ndi amene asintha)

Kasitomala woyamba ndi bambo wa njinga yonyamula makala. Ndawapopera ndi pampu ya pamanja, nditaima kutsogolo kwa bomba kuti asaone manyazi ake.

Madzulo mayi a Lusiya: "Abambo, sopo wanga mwasambitsira chitsulo? Ndiye chayera?"

Lachitatu

Ndawoloka malire kupita ku Muloza, ku Malawi, kukagula kachitsulo katsopano. M'sitolo ya zitsulo anthu ali pamzere. Ine kukuwa sinditha, ndi chibadwa. Ndayandikira mwini sitolo ndi kumuuza chapansipansi kuti: "Bambo, bomba limene tinakwirira nthawi ya nkhondo lija talifukula, ndiye likuchita tsss."

Mzere wonse watha. Sindinaonepo anthu aulemu chotere, kusiyira mlendo malo.

Mwini sitolo wandiponyera kachitsulo ali kuseri kwa matumba a simenti. "Tengani, achimwene, muzipita nazo kwanu."

Kunyumba: sikakulowa. Mazinga a ku Malawi ndi a mainchi, a bomba ndi a mamilimita. Kakungozungulira pang'ono n'kuima, ngati ine ndikamayankhula Chipwitikizi ku ofesi ya boma.

Lachinayi

Nkhani yawoloka malire popanda chiphaso. Ndafika m'mawa, chisakasa changa chazunguliridwa ndi miyala yopaka utoto wofiira, ndendende mmene anatiphunzitsira ku msasa kuchenjeza anthu pa malo a mabomba okwirira. Ntchito yaukhondo, miyala yofanana kukula.

Apa ndiye ndazindikira. Ambiri a pamsika pano anakhalitsa ku Malawi. Kwa iwo bomba ndi limodzi basi, lophulika.

Mayi wa zitumbuwa, amene amakhala pafupi nane, wasamukira kutsidya kwa msewu ndi chiwaya chake chidakali pamoto. Ndaima pa miyala ndi kufotokoza: "Si bomba la nkhondo ayi, ndi bomba la mpweya." Palibe akuyandikira, ndipo mawu anga safika patali. Chimene amva ndi "bomba" kawiri.

Makasitomala lero: palibe. Mbuzi yalowa, yanunkhiza, yatuluka.

Tsss.

Lachisanu

Kwabwera galimoto ya anthu ochotsa mabomba okwirira. Zipewa zachitsulo, zovala zolemera pachifuwa, dzuwa lonseli. Msika wonse wakwera pa chulu kuonerera.

Mkulu wawo wakwawa mpaka pa chisakasa. Wasuzumira. Waliyang'ana uku ndi uku. Kenako waseka mpaka chipewa kugwa. Akuuza anzake m'Chipwitikizi, nawonso akugwira m'mimba.

"Madala, chinthu ichi chingaphe tayala lokha."

Kenako wanena kuti tayala lawo lakumbuyo lachepa mpweya, ndiwapopereko. Mwayi wanga pamaso pa msika wonse! Ndaliza injini. Muvi wakwera, watsika. Tsss. Ndatulutsa pampu ya pamanja. Kupopa tayala la galimoto ndi pampu ya njinga ndi ntchito yoti munthu alape machimo.

Atsanzika akusekabe. Anthu a pa chulu aona kuti akatswiri achoka osalinyamula. Akuti ndiye kuti lawakanika.

Loweruka

Mawa ndi Lamulungu. Ndatenganso kachitsulo ka ku Muloza. Ndakalowetsa mokakamiza, sipanala nditaiwonjezera paipi kuti italike. Pamwamba khonje, phula, malegeni, zonse pamodzi.

Ndaliza injini. Ndazimitsa. Zii. Palibe tsss! Muvi waima njii ngati msilikali.

Ndachotsa miyala ndekha. Mayi wa zitumbuwa wabwerera, ndamugulako chimodzi cha mtendere. Anthu akuyandikira. Dalaivala wa minibasi wagubuduza tayala mpaka pa ine. "Tiyeni tione bomba lotchukalo."

Ndaliza injini kuti muvi ukwere pang'ono chabe.

Phuu!

Kachitsulo kaboola denga n'kulowera ku Malawi kwawo. Paipi ikukwapula pansi ngati njoka yopsa ndi moto. Msika wonse wagona chafufumimba: ogulitsa nsomba, dalaivala, abusa amene amangodutsa. Ndi ine ndemwe. Ndiyamike maphunziro a ku msasa, palibe amene waiwala.

Wovulala palibe, kupatula zitumbuwa.

Miyala yabwerera. Tsopano ili mizere iwiri.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi alamu afika ndi ngolo yodzanyamulira bomba lawo. Mwini ngolo waona miyala, watembenuza ng'ombe zake osapereka moni.

Alamu aima kunja kwa mzere wachiwiri, manja kumbuyo. Ndawakumbutsa mwaulemu kuti analikwirira ndi manja awo, ine ndikuwagwirira lona.

"N'zoona alamu, koma lakhalitsa pansi. Adziwa ndani chimene chinalowamo? Ku Mocuba nkhani yafika kale, wogula palibe. Khalani nalo."

Ndiye bomba ndi langa tsopano.

Ndabwezera kachitsulo kakale kadzimbiri kaja. Ndatulutsa benchi ndi pampu ya pamanja kunja kwa miyala, poti makasitomala amafika pamenepo. Denga ndifolera mvula ikayandikira. Mayi a Lusiya abisa sopo.

Kumbuyo kwanga, pansi pa chibowo cha denga, chuma changa chikuti tsss.