Bulugamu Amene Anachedwa Kugwa

Ndinaona kuti bambo ananyamula makina ochekera mitengo kawiri. Koyamba anawatukula pang'ono m'vani n'kuwabwezera pansi, kenako anawerama ngati akumanga zingwe za nsapato, chonsecho anali atavala patapata. Kachiwiri m'pamene anawatsitsa m'vanimo. Amayi nawo anaona ali pakhonde, ndipo titakhala patebulo kumwa tiyi madzulo amenewo, ananena zimene tonse tinkaopa kunena: mawa ku Area 12, pa mtengo wopendekera nyumba ya eni ake, akwere achimwene anga a Lameki, bambo atsale pansi.

Bambo anaika kapu pansi n'kupinda malaya.

"Amene akuukayikira mkono uwu adzuke adzaufinye. Palibe? Ndiye khalani chete mumve, chifukwa kamtengo mukukaopako ndi mswachi poyerekeza ndi bulugamu amene ndinagwetsa ku Area 12 komweko, iwe Lameki ukadali m'matewera. Bulugamu ameneyo nsonga yake inkakola mitambo, moti anthu a ku Area 9 ankadandaula kuti mvula yonse ya Lilongwe ikuthera pa kapinga wa nyumba imodzi, ndipo ndege zopita ku Lumbadzi zinkachita kuliza hutala pomulambalala. Mukumva? Ndinayamba kukwera m'mawa nditameta bwinobwino, pofika pakati ndevu zinali zitamera mpaka kukodwa mu tcheni, ndipo nditafika pamwamba ndinayang'ana ku City Centre n'kuona anthu a m'maofesi akusinza pamipando, ndinayang'ana kuno ku Old Town n'kuona amayi anuwa akuyanika ovolosi yanga mozondotsa, ndinakuwa, anaitembenuza. Amake Lameki, nenani ngati ndikunama."

"Pitirizani," anatero amayi, akupaka majarini pa buledi.

"Ndiye ndikoke kachingwe ka injini, makina ali zii. Petulo yense anali atauma, poti kumwambako dzuwa lili pafupi ngati mbaula. Nditsike? Ine? M'thumba ndinali ndi botolo la thobwa la amayi anuwa, thobwa logonera lija loti ukamwa umayamba kupatsa moni mitengo, ndinathira m'thanki, makina aja anatsokomola kamodzi, anageya, kenako anayamba kudya bulugamu mwaukali moti utuchi unagwa mzinda wonse ngati mvula, amayi anathamangira kukaanula zovala, ndipo oweta nkhuku onse kuyambira ku Kawale mpaka ku Likuni akuyalabe utuchi womwewo m'makola mpaka lero. Mphezi indiwombe pano ngati ndawonjezapo.

"Mutu wa mtengo unaduka. Koma chifukwa cha kutalika unkagwa pang'onopang'ono, mukumva, moti ine ndinatsika, ndinaliza vani, ndinabwera kuno, ndinadya, ndinapala chitseko cha aneba chimene chinkakwekwesa pansi, ndinanola tchizulo zonse, ndinagonako pang'ono, ndipo pobwerera ku Area 12 ndinaupeza udakali m'njira, mbalame zitamangamo zisa zatsopano."

"Ine zimene ndinamva," anatero amayi mosakweza mawu, "n'zakuti unkagwera padenga. Anapulumutsa nyumba ija ndi amene anagwira chingwe pansi, malemu a Kamwendo aja. Kumsika amawatamabe mpaka pano."

Bambo anamenya tebulo, masupuni analumpha.

"Kamwendo? Kamwendo uti, wamantha uja? Kamwendo anathawira m'chimbudzi cha mlonda n'kudzitsekera! Chingwe ndinagwira ndine! Mphepo inatembenuka, mutu wa bulugamu uja unalunjika padenga, bwana wa nyumba akulira, mkazi wake akutulutsa firiji pawindo, ine ndinangolavulira m'manja, ndinakulunga chingwe m'chiuno, ndinaponda pansi mpaka miyendo inalowa m'nthaka kufika m'mawondo, ndipo ndi dzanja limodzi, linalo ndili kumalizira chinangwa, ndinaukhotetsa ngati mmene umakhotetsera ng'ombe pangolo, ndinaudutsitsa pakati pa maluwa ndi kanyumba ka galu, galuyo osadzuka, n'kuugoneka molunjika m'vani mwanga momwemu. Vani inangoti kwii, inavomera. Tikufika nayo pa mlatho wa Lilongwe, mchira wa mtengo unali usanatuluke pageti ku Area 12, ndipo maminibasi ataona mzere wa magalimoto anakwera pamwamba pake n'kumayenda ngati msewu, makondakitala akuitanira anthu, 'Ya pa bulugamu, ya pa bulugamu!' Tebulo mukumwerapo tiyili ndi kanthambi kake kakang'ono, bedi limene unabadwirapo iwe Tadala ndi khungwa chabe. Ligogode, mwana wanga, umve. Likulira ngati mtengo wamba?"

Ndinagogoda. Linalira ngati tebulo. Ndinapukusa mutu kuti ayi.

"Mwaona? Kukwera n'chiyani? Pusi amakwera, buluzi amakwera. Wokwera amangodula basi, koma wouza nthambi kogwera ndi wa pachingwe, ndipo mu Lilongwe muno, kuyambira kwa akalipentala a kumsika mpaka kwa ocheka matabwa onse, munthu wodziwa kulankhula ndi chingwe ndine ndekha. Amene akutsutsa anene!"

Achimwene anali kuyang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche.

"Ndiye mawa," anatero amayi, "inu muli kumwamba, chingwe tipatse ndani? Pajatu munati mtengowo wapendekera kuchipinda kogona ana."

Bambo anayang'ana mkono wawo wopindidwa malaya uja, anayang'ana amayi nthawi yaitali ndithu. Kenako anatembenukira kwa achimwene mwaukali, ngati iwo ndiwo anayambitsa zonsezo.

"Iwe Lameki, ukufuna ine ndikwere kuti chingwe agwire mlonda? Tiphe ana a eni ake? Ukwera ndiwe mawa, usandiyankhe. Ukadule pamene ndikuuze. Chingwe asachikhudze munthu."

"Chabwino, bambo," anatero achimwene.

M'mawa mwake bambo analawirira. Ananola tcheni ndi tupa atakhala pampando, dzino lililonse palokha, kenako analoza makina ndi chibwano, achimwene n'kuwanyamula kukaika m'vani. Bambo anakulunga chingwe bwinobwino n'kuchikoleka paphewa. Vani inakana kulira monga mwa masiku onse, ndipo ine ndi amayi tinaikankha mpaka potsetsereka. Italira, bambo anatulutsa mutu pawindo n'kutiuza kuti tisawasungire chakudya, mwina eni nyumba akawakakamiza kudya komweko akaona ntchito yawo.

Tinabwerera kukhitchini kukatsuka makapu. Ndinafunsa amayi kuti a Kamwendo anamwalira liti, chifukwa dzinalo ndinali ndisanalimvepo pakhomo pathu.

"Kamwendo?" anatero amayi, akundipatsa kapu kuti ndipukute. "Sindikumudziwa. Ndinangomupeka dzulo lomwelo."