Difu Yosathyoka ya Orval Pruitt

Inu, tamverani za Orval Pruitt, neba wanga kuno ku Moab, munthu woumira woti amatsuka mbale zapepala n'kuziyanika padzuwa. Chaka chilichonse pa Isitala timakwera zitunda za miyala yofiira kunja kwa tauni ndi magalimoto athu, mdipiti wautali, ndipo chaka chatha difu yakumbuyo ya Orval inaphwanyika pakati pa chitunda. Difu, kwa inu oyenda pansi, ndi chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala, chimene chimawagawira mphamvu. Anamukoka ndi Cleve, mlongo wake wa mkazi wake Darlene, pachingwe ngati mbuzi yopita kumsika, hutala ikulira tauni yonse. Orval analumbira tonse tikumva kuti mlamu wakeyo sadzamukokanso mpaka kufa.

Kugula difu yatsopano? Orval ameneyo? Anabwereka makina owotcherera n'kumatiza timagiya tonse tam'kati kukhala chibuma chimodzi. Kuthengo zimenezo zimathandizadi, koma pa phula matayala awiri omangidwa pamodzi sakhota mwaulemu. Tinazionera pa maliro a abusa athu opuma. Galimoto ya bokosi ili patsogolo, tonse tili duu, Orval pakona iliyonse kwiii! kwiii!

"Orval, anthu akutiyang'ana," anatero Darlene atabisa nkhope m'chipewa.

"Aziyang'ana. Akusirira mphamvu."

Pageti la manda, thwa! Ekiselo, chitsulo cholumikiza tayala ku difu, yaduka. Cleve anafika atanyamula kale chingwe, nkhope yachisoni ngati ndiye namfedwa.

"Alamu, ndikuthandizeni?"

"Kakoke agogo ako!"

Galimoto inagona kumanda masiku atatu, ndipo ena ankati tiyembekeze, mwina iuka yokha.

Apa ndiye Orval anapsa mtima zenizeni. Anapita kogulitsira zitsulo zakutha n'kukagula chidifu cha lole yakale yonyamula mkaka, cholemera moti tinachinyamula amuna anayi, wina mpaka lero msana sunawongoke. Akuchimanga, Cleve anasuzumira pansi pa galimoto, kapu ya khofi ili m'manja.

"Alamu, mano a magiyawa mwawerenga? Akumbuyo ayenera kufanana ndi akutsogolo. Apo ayi matayala azikangana."

"Werenga ako m'kamwamo, atsala angati?"

"Ine ndanena."

Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu, koma khutu la Orval linali kale lachitsulo. Kusintha magiya akutsogolo ankati n'kuwononga ndalama. Ndipo poti m'tauni galimoto imayendera matayala akumbuyo okha, zonse zinali myaa. Ankaima pa sitolo iliyonse, kugona chagada pafumbi, n'kumaonetsa anthu difu ngati mwana wobadwa kumene. Ine ndinaonetsedwa kanayi, ndipo ndinatopa nayo.

Tsiku la Isitala lija linafikanso. Cleve patsogolo, Orval wachiwiri, ife magalimoto makumi atatu pambuyo, kanjira kake kopapatiza, kuno thanthwe, uko phompho. Patsinde pa chitunda chomwe chija Orval anakoka giya yoti matayala onse anayi agwire ntchito. Abale! Akutsogolo akuthamangira kumwamba, akumbuyo akuti dikirani, sitinakonzeke. Mwala wa kuno umagwira tayala, sulilola kuterereka, ndiye galimoto inayamba kudumpha ngati chule.

"Alamu, chotsani phazi!" anakuwa Cleve pa wailesi yolankhulirana m'magalimoto.

Munthu wanzeru akanaima. Orval atamva mawu a Cleve anaponda moto mpaka pansi. Phwaa! Bokosi logawa mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo linang'ambika pakati, chitsulo chopita kutsogolo chinagwa n'kugubuduka kulowera kuphompho, oyilo ali chuu pamwala. Orval anakwawira pansi pa galimoto. Anatuluka ali bii, koma akumwetulira.

"Difu ili bwinobwino! Ngakhale kukalika, ayi!"

Ukaipa dziwa nyimbo, inu. Koma kumbuyo anthu anali atayamba kuliza mahutala, ndipo galimoto yokhayo yotha kumufikira inali ya Cleve. Darlene sanafunse munthu. Anamanga yekha chingwe n'kukhala pachiwongolero cha galimoto ya mwamuna wake.

"Kwera, Orval."

"Sindikwera. Ine ndinalumbira."

"Chabwino, yenda. Ndi mamailosi khumi ndi imodzi."

Anayendadi, nsapato zake zazitali zachikopa zili kumapazi, dzuwa likuswa mtengo, fumbi la galimoto yake yomwe likumulowa m'kamwa. Ndinamumvera chisoni, sindinama, ngakhale ndinkaseka. Mailosi yoyamba anali nganganga, manja m'thumba. Yachitatu anayamba kutsimphina. Pofika yachisanu ndinamuona atagwira chitseko chakumbuyo cha galimoto yake ndi manja onse awiri, mutu uli pansi, mapazi akungokwekwerezeka.

Cleve anamuona pagalasi, n'kunyamula wailesi kuti tonse timve bwino.

"Darlene, uwauze alamu agwiritse. Kutsogoloku kuli mabampu."