Eyakoni Yopuma Pafupipafupi

Mpaka lero, achemwali anga a ku Bangwe akafuna kunditseka pakamwa pa zokambirana za pabanja, salankhula zambiri. Amangofunsa kuti, "Achimwene, eyakoni ija ikadalipo?" Ndiye ndaganiza zoulula ndekha, anthu asamangomvera mbali imodzi.

Zinachitika matipate atangolowa kumene, nthawi imene aliyense m'tauni muno anasanduka wageni. Ine geni yanga inali yogula katundu ku okushoni n'kumagulitsa. Pa nkhani yonenerera mtengo ndinalibe mnzanga. Ndinkanenerera mpaka wogulitsa kuyamba kundipepesa chifukwa chokhala ndi katundu. Tsiku lina ofesi ina ikutsekedwa ndinapezako eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, aja olowetsa pakhoma: nkhope m'kati, matako panja. Imeneyi sindinagulitse. Ndinaboola khoma la pabalaza kwathu ku Zingwangwa n'kuiika. Mumzere wathu wonse panalibenso wina, ndipo ndinaonetsetsa kuti mzere wonsewo wadziwa.

Chaka chotsatira mwana wa achemwali, Tadala, anapeza mwamuna. Akuchimuna anayenera kubwera kudzaonekera, ndipo ine monga malume ndiye mwini nkhani. Achemwali ankafuna tikakumane kwawo ku Bangwe, pamphasa pansi pa mtengo. Ndinakana.

"Achemwali, mnyamatayu kwawo ndi kumayadi. Anthu otero mukawakhazike pamphasa, Okutobala ameneyu? Adzatiyesa osauka, mwanayu azikamuderera kubanja. Abwere kwanga adzaone kuti nafenso timakhala mozizira."

"Mukutsimikiza?"

"Muwauze abwere ndi majekete."

Tinapangana Loweruka. Lolemba la sabata lomwelo eyakoni inasiya kuziziritsa. Kopotokola kake kankangozungulira ngati chitsekero cha botolo chakutha mazinga. Kanali katathyoka m'kati, pamodzi ndi kachipangizo kamene amisiri amati themositati, kamene kamauza makina kuti kwazizira mokwanira, tapumani. Ndinakazula n'kukwera minibasi ya ku Ndirande.

Kumsika anandilozera kwa Che Amidu, mmisiri wa mafiriji, bambo wodekha wa kachipewa koyera. Anafufuza m'chitini n'kutulutsa kofanana ndendende. Tinanenerezana mpaka dzuwa kusuntha, ndipo ndinapambana (iwo akhoza kunena zina). Akukulunga mu nyuzipepala ndi pamene anayamba mafunso.

"Makinawo ali kuti, bwana?"

"Kunyumba."

"Kunyumba kuti?"

Ndinawayang'ana. Masiku amenewo akuba anali atalusa. Ankazula chilichonse chotulukira kunja kwa nyumba, mpopi ndi mababu omwe.

"Ku Machinjiri," ndinanama.

"Ali pakhoma lakutsogolo kapena lakuseri? Kumbuyo kwake kuli malo okwanira?"

Mwamva funso limenelo? Malo okwanira chiyani? Okwanira anthu angati? Mtima unandiuza kuti uyu masana ndi mmisiri, koma ali ndi anzake amene amawajambulira mapu.

"Ndikhoza kubwera kudzakuikirani," anatero.

"Musavutike, Che Amidu. Ndiika ndekha."

Nditafika kunyumba ndinayamba ndazungulira kuseri. Zoonadi, matako a eyakoni anali pamtunda, aliyense wodutsa m'kanjira akuwaona. Mabawuti anayi basi, munthu wanyamula. Ndinalowa m'nyumba, ndinaika themositati yatsopano (mawaya awiri, ngakhale mbuzi ingathe), kenako ndinatenga matabwa ndi lata lotsala n'kukhomera bokosi kuzungulira mbali yonse yakunja. Bokosi lake lokwana thi, lopanda ndi kampata kolowa nyerere. M'kati ndinayalamo ziguduli kuti wakuba asamve n'kulira komwe. Nditamaliza ndinaima patali n'kudzitamandira ndekha.

Ndinayatsa. Makina anati guuu, kamphepo kozizira kanayamba kutuluka. Ndisanakhale n'komwe pampando, thi! Kulira kuja kunaleka, kunangotsala chokupiza chikuuzira mpweya wofunda. Patapita mphindi zingapo, guuu. Mphindi ziwiri, thi! Guuu, thi. Guuu, thi. Ngati munthu wokwera phiri la Soche atadya kwambiri.

Sindinavutike kuganiza. Che Amidu andigulitsa kachipangizo kodwala dala, kuti ndikawagwadire abwere adzaone nyumba. Lachiwiri m'mawa ndinali pa benchi pawo, themositati m'manja, mawu ali m'mwamba kuti oyandikana nawo amve.

Iwo sanakwiye. Anatenga kapu ya madzi oundana, anaviikamo kansonga ka kachipangizoko. Kanati tcha. Anakafumbata m'manja kuti kafunde. Kanatinso tcha.

"Aka n'kamoyo kuposa ine ndi inu, bwana. Kodi palibe china chimene mwasintha?"

"Palibe."

(Sindinaname kwenikweni. Bokosi sindinaliwerengere ngati kusintha. Bokosi linali chitetezo.)

"Ndiye tiyeni ku Machinjiriko ndikaone ndi maso."

"Kuli maliro pafupi, sitingagogode zitsulo."

Anandisinthira ina kuti pakhale mtendere. Nditafika kunyumba ndinaiika. Guuu, thi. Ndinati basi, chitini chonse chija n'chodwala.

Lachitatu ndinayamba kukayikira m'nyumba momwe. Mayi a Chifundo, akazi anga, chibwerereni eyakoni ankadandaula kuti imawaumitsa mphuno. Ndinawazonda tsiku lonse, kuona ngati akudutsa pafupi ndi soketi. Madzulo ndinafunsa mozungulira.

"Mayi a Chifundo, kodi popukuta fumbi simunakhudze penapake?"

"Bambo a Chifundo, chinthu chimenecho ngakhale kuchiyang'ana mumati ndichiwononga. Mwina chatopa nanu. Ine ndikuchimvetsa."

Lachinayi ndinapeza wolakwa weniweni. Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Makwinja, owotcherera zitsulo. Ndinatchera khutu: iwo akati tswii ndi makina awo, posakhalitsa kwanga thi. (Akapanda kuti tswii, kwanga kunkatibe thi, koma zimenezo sindinaziike mu umboni.) Ndinapita pampanda.

"Aneba, makina anuwa akumwa magetsi a mzere wonse. Kapena pali waya wina wolowera kwanga?"

A Makwinja anavula magalasi awo akuda. "Mukuti ndikukuberani magetsi?"

"Sindinatero. Ndangofunsa."

Anazimitsa zonse, ndi wailesi yomwe, n'kukhala pa ndowa atapinda manja. Tinadikira. Kuchokera m'bokosi mwanga munamveka kaguuu kotsamwa, kenako thi.

"Mwina mthunzi wanga ndi umene ukuba," anatero. Kenako analoza ndi chibwano. "Koma aneba, bokosi ilo..."

"Bokosilo lisakukhudzeni."

Ndinabwerera m'nyumba nditawonjezera funso lina m'mutu: n'chifukwa chiyani munthu wokhala ndi zida zodulira zitsulo akuchita chidwi ndi bokosi langa? Lachisanu ndinawonjezera misomali.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Nzeru yanga inali yakuti nditseke mawindo onse ndi makatani kuyambira m'mawa, kuti timphindi tiwiritiwiri tozizira tija tiziunjikana. Alendo anafika masana pa galimoto ziwiri: mkulu wa nkhani, bambo wonenepa wa suti yabuluu, mayi ake a mnyamata, malume wamng'ono amene anati ndi dalaivala wa malole, ndi ena atatu. Onse amuna anali m'majekete. Achemwali anali atapereka uthenga wanga mokhulupirika.

Tinakhala anthu khumi ndi awiri pabalaza pomwe pamakwana asanu ndi mmodzi. Titalonjerana, mkulu uja anakonza kukhosi.

"Ife tabwera kuno chifukwa mwana wathu waona..."

Thi!

Onse anatembenukira kukhoma. Ine ndinamwetulira. "Imatero. Ndi yamakono, imaganiza yokha. Pitirizani."

"Mwana wathu waona duwa pakhomo pano, ndiye..."

Guuu! Babu linaphethira. Bamboyo anakweza mawu kuti apose makina, ndipo atangofika pokuwa, thi, mawu awo anatsala okha m'mwamba ngati akutikalipira. Thukuta linayamba kutsika m'makutu mwawo n'kumadonthera pa tayi. Jekete sakanavula, poti mwini nyumba ndinali ndisanavule, ndipo ine sindikanavula poti ndinali nditalonjeza kuzizira. Achemwali ankandiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa kuyambira tili ana.

Mayi a mnyamata anapirira mpaka anafika pamapeto. Anasiya kudzikupiza ndi mpango n'kunena mwaulemu kwambiri, "Pepani malume, kodi mawindo a nyumba ino ndi okongoletsa chabe?"

Atatero anatsamira paphewa la mnzawo, maso akuyera. Panali chipwirikiti. Wina madzi, wina chitseko. Ine ndinati basi: nkhani ya Tadala yafera m'manja mwanga, tsopano azikanena kuti kuchikazi anafuna kuwaphika. Achemwali ndiwo anaimirira.

"Tiyeni panja, pansi pa mango kuseri. Mayi a Chifundo, tibwerekeni mphasa."

Mphasa. Pansi pa mtengo. Ndinanyamula ndekha.

Kunja kunali kamphepo, ndipo mayi aja anatsitsimuka msanga. Koma kuseriko n'kumene kunali bokosi, ndipo linkanunkha ngati chiguduli chimene chayandikira mbaula. Malume a malole aja ananunkhiza, anapita pafupi, anagwira lata n'kubweza dzanja msangamsanga.

"Achimwene, muli chiyani umu? Mukuphika buledi?"

"Ndi kumbuyo kwa eyakoni. Ndaibisa akuba."

"Mwaibisa liti?"

"Lolemba."

"Nanga yayamba liti kupuma chonchi?"

Mayi a Chifundo anandiyankhira mokweza, mokondwa ndithu: "Lolemba!"

"Achimwene," anatero dalaivalayo, akuyesetsa kusaseka, "kutentha kumene makinawa amachotsa m'nyumba amakutayira kunja kuno. Inu mwawatseka mphuno ndi pakamwa. Akatentha amadzizimitsa okha kuti asapse, akazizira pang'ono ayesanso. Ine lole yanga nditaikulunga rediyeta ndi ziguduli, ingafike pa Lunzu?"

Pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa a Makwinja, kenako dzanja lonyamula hamala. "Ndinafuna kunena Lachinayi," anatero, "koma anandiuza kuti lisandikhudze."

Misomali yanga yonse, ndi yowonjezera ya Lachisanu yomwe, anaizula alendo a majekete mothandizana ndi munthu amene ndinamunamizira kuba. Bokosi litagwa, munatuluka mpweya ngati wa mu uvuni. Tinadikira pang'ono. Guuu. Mphindi ziwiri zinadutsa. Zisanu. Khumi. Makina ankangoyimba bwinobwino.

"Tsopano tikhoza kulowa," ndinatero ndi kamawu kakang'ono.

Palibe ananyamuka. Nkhani yonse inakambidwa pamphasa, majekete atapachikidwa pa nthambi, uku eyakoni ikuziziritsa mipando yopanda anthu. Ndipo inayenda bwino, chifukwa anthu amene aseka limodzi mpaka kutuluka misozi savutana. Potsanzika mayi a mnyamata anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Malume, banja losamala katundu chonchi, mwana wake tikumufuna. Koma adzukulu akadzabadwa, musadzatiikire m'bokosi."

Chinkhoswe chinachitikira ku Bangwe. Ine anandipatsa udindo wonyamula mabenchi.

A Makwinja anandiwotcherera chikhola cha zitsulo, chotchinga wakuba koma cholowa mphepo mbali zonse. Mtengo wake sindinanenerere, koyamba m'moyo wanga, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kenako mayi a Chifundo anandikakamiza kukapepesa ku Ndirande. Ndinafotokoza zonse. Che Amidu anaseka mpaka kachipewa kanagwa.

"Nanga mmene ndinkafunsa kuti kumbuyo kuli malo, mumayesa ndikufunsa chiyani? Ndinkafuna kudziwa ngati makina akupuma bwino!"

"Ndamva, Che Amidu. Ndinalakwa. Ndipo ku Machinjiri kuja ndinakunamizani."

"Palibe kanthu, bwana, zinatha. Tsiku lina ndidzabwere ndidzakutsukireni, fumbi limatsekanso. Ndiye kwenikweni mumakhala kuti?"

Ndinawayang'ana. Munthu wabwino, wachilungamo, woti wandikhululukira kumene.

"Ku Chilomoni," ndinatero.