Phulusa la Nachesi wa a Nabanda

Lolemba
Oyamba kundiuza anali a Nabanda, malemu mkazi wanga: mtengo ukadwala uziuthira phulusa, uziulankhula. Ndi omwewonso anandiphunzitsa malemba okhotakhotawa, ine wosaponda m'kalasi. Tsono maliro atha, akuchikazi andisudzula. Kuno kwa Nsaru ndinali mkamwini chabe. Lamulungu ngolo ikudzanditenga kubwerera kwathu kwa Kabudula. Mitengo imatsala, eti. Ine ndikungofuna kanthambi kamodzi ka nachesi amene tinabzala awirife, ndikamezanitse pa mtengo wa mandimu wa mlongo wanga. Koma mtengowo wadwala: masamba achikasu mawangamawanga, nsonga zouma. Ndiuchiza ine!

Lachiwiri
Mankhwala:
phulusa, lichero lodzaza
masamba a nimu, osinja
tsabola wa kambuzi
ndowe zomata pamabala.
A kusitolo ayi, a Nabanda ankati amapha njuchi. Ndikuwaza ndi tsache. Mphepo yatembenuka, tsabola yense m'maso! Alamu anga a Yohane akudutsa: "Lirani ndithu alamu, anali munthu wabwino." Sindinawauze za tsabola. Pofika masana ndikulira zenizeni.

Lachitatu
Lero tsiku loulankhula. Ndikuukumbutsa mmene tinautengera kwa Msundwe pa njinga, a Nabanda pakaliyala ataufukata m'chitini. Tinagwa kawiri. Kawiri konse anayamba kufunsa mbande ngati yavulala, ine pambuyo. Nkhani isanafike pakati masamba asanu agwa. Anthu kundithawa ndikayamba nkhani ndinazolowera, koma masambanso kodi?

Lachinayi
A Yohane abwera ndi alangizi a zaulimi. Alangiziwo akutembenuza tsamba, akundionetsa timaenje ta tizilombo. "Agogo, nthendayi ili m'kati mwenimweni. Nthambi ya mtengo uwu ikadwalitsa mandimu a kwanu. Udulidwe, utenthedwe, mitengo khumi yotsalayi ipulumuke." Ndafunsa za phulusa langa. "N'labwino, agogo. Nyerere zithawa." Sindinawapatse mpando.

Lachisanu
Nzeru zatsopano: njere! Za njere alangizi sananene. Ndathyola manachesi onse, ting'onoting'ono, topendekeka, towawasa ngati bwemba. Kutaya sindingathe, ndi a a Nabanda. Ndikudya limodzi limodzi, kulavulira m'manja. Khumi ndi anayi! Njere zonse zakuda, zophwatalala, m'kati mopanda kanthu. Mano achita dzanzi. M'mimba mukuguba asilikali.

Loweruka
A Yohane ndi nkhwangwa: "Alamu, tapitani kudimba, ndidula ndine." Ndakana. Dzenje lake ndinakumba ndine, ndigwetsanso ndekha. Ndapuma kanayi. Chitsa tazula tonse awiri. Mapesi pansi, nthambi pamwamba, moto. Utsi wake ukununkhira ngati manja a a Nabanda nyengo ya manachesi. A Yohane akuti utsi wawalowa m'maso. Inenso ndawauza kuti lirani ndithu.
Nimu wotsala ndawaza mitengo khumi ija. Si yanganso, koma ludzu la tizilombo silidziwa zimenezo.

Lamulungu
Kutchalitchi anditsanzika, nyimbo ziwiri. Ngolo yafika masana. Katundu:
mphasa
khasu
wailesi yopanda mabatire
kope ili
phulusa la mtengo uja, m'pepala la shuga.
Phulusa silidwalitsa mandimu, ndinafunsa. Zaka zonsezi kwa eni, nachesi wanga wakwana m'thumba la jekete. Basi. Ndikaliika pamwamba pa khoma, ndizikalilankhula.

Lolemba
Ndadzuka dzuwa litakwera, msana wonse ngolo. Jekete mlongo wanga wachapa kale, pepala la shuga lili pansi lopanda kanthu. Akubwera ndi mbale, akusekerera: "Achimwene, phulusa lanu lija mwalitenga kuti? Chidulo chake chakuthwa bwanji! Talawani thelereli."
Ndayang'ana mbale nthawi yaitali. Ndasamba m'manja.
Ndapempha kuti andiwonjezere.